Kalata yotseguka kwa akuluakulu opanga magemu a nthano, kuchokera ku Dedza

Olemekezeka akuluakulu a makampani opanga magemu, ojambula, ndi inu nonse amene ntchito yanu ndi kuika kuwala ndi mdima m'maiko a nthano omwe mumatimangira,

Landirani moni wochokera kuno ku Dedza. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi antchito anu. Ine ndili ndi kashopu ka magemu pa boma pano, pomwe achinyamata amalipira n'kukhala pa benchi, padi m'manja. Ambiri amabwerera mpira, zimenezo sindingabise. Koma pali gulu lina lomwe likukulirakulira, lokonda magemu a malupanga, zinjoka zouluka, amatsenga ndi mafumu a maiko osakhalako. Ndalemba m'malo mwa gulu limeneli, ndipo ndalemba m'Chichewa mwadala kuti anzathu a ku Linthipe, Bembeke, Mtakataka, Lizulu mpaka pa Ntcheu boma awerenge ndi kupatsirana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chandilembetsa ndi mkangano womwe umabuka nthawi iliyonse mukatulutsa kanema wotsatsa gemu yatsopano ya nthano. Gemuyo palibe waigwira, tsiku lotuluka likadali kutali, koma anthu agawikana kale. Ena akuti mitundu yachuluka, izi ndi za ana, tipatseni mdima, matope ndi chifunga. Ena akuti maiko otuwa tatopa nawo, tipatseni dzuwa. Mkanganowu ndi wakale. Mu 2008, Blizzard itaonetsa koyamba Diablo III, okonda gemuyo zikwizikwi adasaina kalata yodandaula kuti dziko lake likuwala kwambiri. Kampaniyo idakana kusintha, ndipo gemu itatuluka mu 2012 idabisamo malo odzaza utawaleza ndi timitambo tomwetulira pofuna kuwaseka odandaulawo. Diablo IV ya 2023 idabwerera ku mdima womwe anthu aja ankafuna. Mu Julayi 2020 Halo Infinite itaonetsedwa, anthu adati kuwala kwake n'kozizira ndipo nkhope za adani zilibe moyo. Patangotha milungu ingapo Microsoft idalengeza kuti gemuyo ichedwa, ndipo idatuluka mu Disembala 2021.

Choncho tikudziwa kuti mumamva anthu akalankhula. Vuto lathu ndi loti amene mumawamvawo amaonera pa masikirini ena, m'zipinda zina, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi khungu losiyana ndi lathu. Mbali yofuna mdima ndiyo imakhala ndi mawu okwera, ndipo mukaitsatira osatiganizira, ife ndiye timalipira. Ndiloleni ndifotokoze mmene timalipirira.

Choyamba ndi sikirini. Mnzathu wa ku London amene akupempha mdima wandiweyani nthawi zambiri ali ndi TV ya OLED, momwe kadontho kalikonse kamadziyatsa ndi kudzizimitsa kokha. Pa TV yotere malo akuda amadadi, ndipo kamwala kali mumthunzi kamaonekabe. Atseka makatani, azimitsa nyale, zonse zili bwino. Ife ma TV athu ndi a LCD otsika mtengo, ena ogula kwa amene adagwiritsapo kale ntchito. Amenewa ali ndi nyale yoyaka kumbuyo nthawi zonse, motero chakuda chimasanduka chotuwa, ndipo zonse zomwe mudajambula mumthunzi zimaphatikizana kukhala chinthu chimodzi. HDR yomwe mumainyadirayo, njira yosonyezera malo owala kwambiri ndi akuda kwambiri pa chithunzi chimodzi, imafuna TV yowala mwamphamvu. Yathu imalandira chabe uthengawo koma mphamvu yousonyeza ilibe, ndipo nthawi zina chithunzi chimachita kuda kuposa poyamba. Onjezerani apo kuti chitseko cha shopu sichitsekedwa masana. Chikatsekedwa mpweya ulowera kuti, nanga makasitomala adziwa bwanji kuti tatsegula? Dzuwa la masana limalowa mpaka pa sikirini.

Zotsatira zake ndi izi: mwana wasunga ndalama yake ya mandasi, walipira ola limodzi, gemu yamulowetsa m'phanga, ndipo theka la ola lake latha akugunda khoma lomwe sakuliona. Mdani akumubaya kuchokera mumdima womwe mnzake wa kunja akuuona bwinobwino. Sikuti mwanayo sadziwa kusewera ayi. Mumatipatsa kachizindikiro kaja koyambirira, kotiuza kuti tikweze kuwala mpaka kayambe kuoneka pang'ono. Tikakweza kuti phanga lioneke, potuluka panja dziko lonse layera mbuu, thambo ndi phiri osasiyana. Tikatsitsa, phanga latayika. Kabatani kamodzi sikangakonze zinthu ziwiri zosiyana.

Tikupemphani kuti musatiyankhe monga adayankhira a Fabian Wagner, amene adajambula nkhondo ya usiku ya mu sewero la pa TV la Game of Thrones mu 2019. Anthu padziko lonse atadandaula kuti sakuona kanthu, iwo adati vuto ndi loti oonera sadziwa kutchera bwino ma TV awo. Yankho lotere limaganiza kuti aliyense ali ndi TV yoti akaitchera imvera.

Chachiwiri ndicho chimatiwawa kwambiri, ndipo ndichedwapo. Magemu ambiri a nthano masiku ano amatilola kupanga ngwazi yathuyathu: kusankha nkhope, msinkhu, tsitsi ndi khungu. Timayamika. Mtsikana wa ku Bembeke akakhala pa benchi amafuna ngwazi yofanana ndi iye, ndipo amataya nthawi yake yolipira akusankha khungu loderapo ngati lake. M'chipinda chosankhiramo muli nyale zabwino, nkhope ikuoneka. Gemu ikangoyamba, ngwazi ija ikalowa m'nyumba ya mfumu usiku kapena kuima pafupi ndi muuni, nkhope yatha. Kwatsala maso ndi mano. Amene waima pambali pake, wa khungu loyera, akuoneka mpaka makwinya a pamphumi. Magemu ena pofuna kuthawa vutoli amangoyeretsa khungulo, munthu n'kumaoneka ngati wadzola phulusa la pamoto. Ndaonapo ana akubwerera kukasankha khungu loyererako, osati chifukwa akulikonda, koma kuti azitha kuona nkhope ya munthu wawo akamalankhula. Akuluakulu, mwana wa zaka 13 akamasintha khungu la ngwazi yake kuti aoneke, pali chomwe mwamuphunzitsa ngakhale simudafune.

Sitikunena kuti mumachita dala. Vutoli lidayamba inu musanabadwe. Kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi kakhadi koyesera mitundu, kotchedwa Shirley, komwe kadali ndi chithunzi cha mayi wachizungu. Makina akatcheredwa pa khungu limenelo, ena onse ankangotsatira. A Lorna Roth, katswiri wa ku Canada amene adafufuza mbiriyi, adalemba kuti ena mwa omwe adakakamiza kusintha adali opanga chokoleti ndi ogulitsa mipando ya matabwa, chifukwa katundu wawo woderapo sankaoneka bwino pa zithunzi. Pa makompyuta nkhani ndi yomweyo. A Theodore Kim, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Yale amene adagwirapo ntchito ku Pixar, kampani yopanga makatuni a pa kompyuta, adalemba mu 2020 kuti njira zojambulira khungu pa kompyuta zidakonzedwa poyang'ana khungu loyera. Khungu loyera limalola kuwala kulowa pang'ono n'kumwazikana mkati, ndipo akatswiri adathera zaka zambiri akuphunzitsa makompyuta kutsanzira zimenezo. Khungu lakuda kukongola kwake kuli pena: kuli pa kunyezimira kwa pamwamba, pa tsaya, pamphumi, pamsonga pa mphuno, pomwe kuwala kumagunda n'kubwerera. Mukangotenga khungu loyera n'kulitsitsa mtundu osasintha mmene likulandirira kuwala, mumapeza munthu wopanda mawonekedwe.

Izi si zovuta kuzimvetsa. Wojambula zithunzi za ukwati aliyense pano pa Dedza amalimbana nazo Loweruka lililonse: mkwatibwi wavala zoyera mbee, nkhope yake ndi yoderapo, tchalitchi muli mdima, ndipo banja likufuna diresi ndi nkhope zonse zioneke. Amadziwa pomuimika, amadziwa mbali yomwe kuwala kuchokere. Ngati iye amatha ndi kamera imodzi, inu amene muli ndi antchito mazanamazana simungalephere. Ndipo ena mwa anzanu adaonetsa kale kuti n'zotheka. Gemu ya Aurion: Legacy of the Kori-Odan, ya Kiro'o Games ya ku Cameroon, idatuluka mu 2016. Tales of Kenzera: Zau, yomwe a Abubakar Salim adatsogolera n'kutuluka mu 2024, ili ndi ngwazi yakuda yoyenda m'mapanga ndi m'nkhalango, ndipo osewera samutaya. Za tsitsi ndingotchula modutsa: pa mitundu makumimakumi yomwe mumaika, ya tsitsi lathu imakhala iwiri kapena itatu, kawirikawiri yomweyomweyo m'gemu iliyonse.

Chachitatu ndi mtengo wa kuwalako. Kuyambira 2018, kampani ya Nvidia itatulutsa makadi a RTX ojambulira zithunzi m'kompyuta, mawu oti ray tracing sachoka pakamwa panu. Tikumva kuti tanthauzo lake n'loti kompyuta imatsata njira ya kuwala kuchokera pa nyale, kugunda khoma, kubwerera pa madzi, zonsezo gemu ili mkati. Unreal Engine 5, pulogalamu yopangira magemu yomwe idatuluka mu 2022 ndi njira yake younikira ya Lumen, yachititsa kuti makampani ambiri atsate njira yofananayo. N'zokongola, sitikana. Poyamba zidali zosankha, wofuna ayatse, wosatha azimitse. Koma Indiana Jones and the Great Circle ya Disembala 2024 ndi Doom: The Dark Ages ya Meyi 2025 sizitseguka n'komwe pa kompyuta yomwe khadi lake silitha ray tracing. Mantha athu ndi oti magemu a nthano omwe mukukonzawa alowera komweko.

Dziwani kuti kuno makina omwe asenza mashopu ambiri ndi PlayStation 4 ya 2013, ndipo ena akadali pa PlayStation 3. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera nayo. Ndalama zakunja zogulira katundu n'zosowa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi ndizo zimaunikira magetsi. Ndiye chifukwa chake ana amabwera ku shopu m'malo mosewerera kwawo. Anzanga a m'matauni ang'onoang'ono amayendetsa makina awo pa sola ndi batire, ndipo makina akamadya moto wambiri, maola ogwira ntchito amachepa. Gemu ya magigabaiti 100 kuti ilowe m'makina ndi bandulo ya pafoni, ndiye kuti mwini shopu wadya phindu la masiku ambiri, ndipo magetsi akathima pakati amangogwira m'chiuno. Gawo lalikulu la kulemerako ndi zithunzi zatsatanetsatane kwambiri za 4K zomwe TV yathu singazisonyeze ngakhale titazikoka.

Chomwe chimandidabwitsa n'choti njira yakale siidalephere. Kale ojambula anu ankawerengeratu kuwala n'kukusunga m'gemu, makina a wosewera n'kumangosonyeza. God of War ya 2018 ndi Ghost of Tsushima ya 2020 zimayenda pa PlayStation 4 yomweyi, ndipo mpaka lero mwana akafika pamalo pomwe dzuwa likulowa amaimitsa hatchi n'kuitana anzake kuti adzaone. Njira yatsopanoyi tikumva kuti imakupulumutsirani nthawi ndi ndalama. Chabwino, koma ndalama yomwe mwapulumutsayo mwaisamutsira m'thumba la wogula, ndipo wogula wa kuno ndiye woyamba kutsalira.

Chachinayi ndi chachifupi. Chomwe mumaonetsa chizikhala chomwe mudzagulitse. Dark Souls II isanatuluke idaonetsedwa ndi mdima woti popanda muuni sungayende, mithunzi ikuvina pakhoma. Itatuluka mu 2014 mdima ndi mithunzi ija zidali zitachepa. Watch Dogs yomwe idaonetsedwa mu 2012 sidali yofanana ndi yomwe anthu adagula mu 2014. Kunja munthu akakhumudwa amabweza katundu. Ife disiki imabwera m'chikwama cha mbale wochokera ku Johannesburg, ndipo ikafika yafika. Komanso makanema anu otsatsawo timawaonera pafoni, titatsitsa mlingo kuti bandulo isathe, ndipo kanema akapanikizidwa chotero malo amdima ndiwo amayamba kusweka kukhala timabokosi. Ndiye tikaona kanema wa mphindi zitatu zonse zili usiku, sitidziwa chomwe tikusungira ndalama.

Chachisanu chikukhudza moyo. Matsenga a m'magemu anu amabwera ndi kung'anima: mphezi, moto wa buluu, sikirini yonse kuthwanima kofiira ndi koyera. Pa 16 Disembala 1997 ana oposa 600 ku Japan adatengeredwa kuchipatala ataonera gawo lina la katuni ya Pokémon lomwe lidali ndi kuthwanima kotere. Mu Disembala 2020 mtolankhani wina adagwa khunyu akusewera Cyberpunk 2077, ndipo kampani ya CD Projekt Red idachita kusintha malowo gemu itatuluka. Chenjezo lomwe mumaika poyambira ndi la zilembo zing'onozing'ono, m'Chingerezi, ndipo limadutsa mwana asanamalize mzere woyamba. M'shopu samaonera mmodzi. Kumbuyo kwa wosewera kumaima ena asanu kapena khumi omwe sadaone n'komwe chenjezolo. Kwathu kuno mwana akagwa khunyu pagulu, kupatula ngozi ya thupi, pali manong'onong'o a ufiti omwe amamutsata iye ndi banja lake, ndipo chipatala kwa ambiri chili kutali. Mwini shopu akufunika batani loti azimitsiretu kuthwanimako m'mawa asanatsegule.

Musamve ngati tikupempha kuti muchotse usiku m'nthano. Ife nthano timazidziwa usiku, ndipo gemu ya afiti yowala ngati msika wa Lizulu masana sitingaikonde. Koma amene adayendapo kumudzi mwezi uli pamutu amadziwa kuti usiku weniweni suli bii. Njira imaoneka, mtengo uli ndi mthunzi wake, ndipo munthu akamabwera umamuzindikira asanalankhule. Mu Juni ndi Julayi chifunga chikatsika pa phiri la Dedza, mitengo ya paini imaoneka mizeremizere, yapafupi yakuda, yakutali yotuwa, ndipo munthu sasochera nazo. Ku Chongoni, komwe UNESCO idakuika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zambiri zili pansi pa matanthwe pomwe dzuwa silifika mwachindunji, koma zimaoneka. Ojambula anu atabwera adzaone, tidzawaperekeza. Tingopempha kuti akafika ku Mua n'kuona zigoba za Gule Wamkulu ku Kungoni, malo osungirako za chikhalidwe, asazitenge kukaveka zilombo zoti osewera azizipha. Zili ndi eni ake ndi mwambo wake.

Kwa anzanga osewera amene muwerenge kalatayi: pogawa musaonjezere zotukwana. Wojambula amene adaika nyale m'phanga lija ndi wantchito, ndipo nthawi zambiri si iye amasankha tsiku lotulutsa gemu kapena makina omwe iyendere. Madandaulo athu akupita kwa osankhawo.

Zopempha zathu ndi izi:

1. Gemu isanatuluke, muiyese pa TV ya LCD yotsika mtengo, yopanda HDR, m'chipinda chowala masana. Ngati woyesayo sakuona njira kapena mdani, ntchito sinathe.

2. Pa masetingi mulekanitse zinthu: batani lokwezera kuwala kwa mumthunzi likhale palokha, la kuwala kwa panja palokha. Muikenso njira yopangitsa adani, makomo ndi zinthu zotola kuoneka bwino. The Last of Us Part II ya 2020 idali ndi njira zoposa 60 zothandizira osewera osiyanasiyana, kuphatikizapo imeneyi, ndipo idayenda pa PlayStation 4.

3. Malo aliwonse omwe anthu a m'gemu amalankhulana, muwayese ndi ngwazi ya khungu lakuda kwambiri pa onse omwe mwaika. Nyale zitcheredwe mpaka nkhope imeneyo ioneke popanda kuiyeretsa. M'chipinda chosankhira khungu mutilole kuona munthu wathu masana, usiku ndi pafupi ndi moto tisanavomereze. Ndipo pa anthu omwe amavomereza ntchitoyi pakhale ena omwe khungulo ndi lawo. Ojambula aluso ku Africa alipo, alembeni ntchito ndi kuwalipira.

4. Ray tracing ikhale yosankha. Ngati mwatsimikiza kuti gemu singayende popanda iyo, nenani pa kanema woyamba, osati patatsala mwezi umodzi.

5. Zithunzi za 4K ndi mawu a zilankhulo zina zikhale zokoka padera, wofuna akoke. Gemu ya pa disiki izitha kuseweredwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza popanda intaneti.

6. Pa kanema aliyense wotsatsa mulembe makina omwe mwajambulirapo, ndipo muonetseko mphindi zingapo za gemu ikuseweredwa pa makina otsika kwambiri omwe mwalonjeza, masana ndi usiku womwe.

7. Pakhale batani lozimitsira kuthwanima lomwe likupezeka gemu isanayambe, ndipo likazimitsidwa likhale lozimitsa mpaka mwini atalisintha. Chenjezo likhale ndi chizindikiro chomveka kwa wosadziwa Chingerezi.

Tikudziwa kuti pa mabuku anu a malonda Malawi saoneka, chifukwa magemu ambiri amafika kuno kudzera m'maiko ena ndipo amawerengedwa ngati agulidwa kumeneko. Koma zomwe tapemphazi zithandizanso wosewera wa ku Lusaka, ku Lagos, ku Manila, ngakhale wa kwanu komweko amene maso ake ayamba kufooka kapena TV yake ndi yakale. Mwa zisanu ndi ziwirizi, yoyamba ndi yachitatu sizifuna makina atsopano ngakhale ndalama zambiri. Mungathe kuyamba nazo pa gemu yomwe ili m'manja mwanu panopa. Mukafuna oyesera, mashopu a ku Dedza ndi Ntcheu ali ndi ma TV oyenera ntchitoyo ndi osewera okonzeka kukuuzani pomwe sakuona.

Ndatha ine wanu mwaulemu,

Mwini shopu ya magemu,
m'malo mwa osewera a ku Dedza ndi Ntcheu